Ndiyambe ndi Iti, Amalume?

Basi ikangoima pa Nyimba, azimayi amathamangira kumawindo atanyamula mapava a nthochi, ndipo aliyense woyenda pa Great East Road amadziwiratu kuti wafika. Mukalowa pang'ono kuseri kwa msika mumapeza malonda ena amene wapaulendo sawaona: kantemba ka malata, sola padenga, mafoni khumi ali pa chaji, ndi mnyamata ali pa kompyuta yakale akuikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi. Pa kantemba kotero ndi pamene mwana wa mlongo wanga, wa giredi 9, anandikoka malaya tchuthi chapitachi.

"Amalume, anzanga kusukulu akungokamba za anime, makamaka zija za maloboti ndi zakumwamba. Pa kompyuta apa zilipo zambirimbiri, koma khadi yanga ndi yaing'ono. Ndiyambe ndi iti?"

Funso limeneli ndi lakale kuposa mwanayo, ndipo ndi lakale kuposa kompyuta imene inali patsogolo pathu. Kuno kwa Ansenga filimu sinabwerepo yokha. Nthawi zonse inkabwera ndi munthu amene anaiona kale, amene ankasankha yoti akuuzeni ndi kukumasulirani. Ndikufuna kutsata phazi la munthu ameneyu kuyambira kale, chifukwa tsiku limenelo ntchito yake inagwera ine.

Oyamba kuona kanema mwa anthu a kwa Kalindawalo, kwa Ndake, kwa Nyalugwe, kwa Luembe ndi kwa Mwape anali amuna opita kutali kukafuna ndalama ya msonkho. Ena ankatsika wapansi kudzera ku Feira, imene lero timati Luangwa, n'kuwoloka Zambezi kulowera ku Walale. Ena ankalowera kumigodi ya kopa. Kumeneko, m'makomboni a antchito, makampani ankaonetsa bayisikopo panja madzulo, ndipo imene inkakondedwa kuposa zonse inali ya makauboyi a ku America. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba mmene anthu ankaikondera. Kauboyi wamkulu aliyense, kaya filimu ndi iti, oonerera ankamutcha Jack. Chingelezi cha ku America sichinkamveka kwa ambiri, choncho anthu ankadziikira okha mawu, kukuwa, kuchenjeza Jack kuti mdani ali kumbuyo. Munthu wotero akabwerera kumudzi ndi njinga yake ndi bulangete, ankabweranso ndi Jack m'kamwa mwake, ndipo ana a ku Petauke ankamudziwa Jack pamoto madzulo asanaonepo chinsalu cha kanema.

Kenaka kanema anadzabwera yekha pa galimoto. Pakati pa 1935 ndi 1937 panali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inapanga mafilimu ophunzitsa ku Tanganyika n'kumayenda nawo mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, ndipo inagwira ntchito mpaka chitaganya chitatha mu 1963. Mafilimu ake anali a ulimi wabwino, ukhondo, kusunga ndalama ku positi ndi kumvera boma. Koma chimene akuluakulu amakumbukira kwambiri ndi womasulira, amene ankaima pambali pa chinsalu n'kumalankhula chinenero cha anthu. Akakhala wa luso, filimu yofooka inkasanduka phwando. Atapita azungu, ntchitoyi inapitirira ndi a Zambia Information Services, amene mu 2005 anaphatikizidwa ndi ZANA n'kukhala ZANIS. Ine ndinaiona galimoto yawo ndili mwana. Inafika dzuwa likupendeka, n'kuzungulira midzi ikuitana pa chimkuzamawu, ndipo chinsalu anachimanga pa zigoli za bwalo la mpira kusukulu. Ife ochedwa tinakhala kuseri kwa chinsalucho, n'kuona filimu yonse motembenuka, kumanja kuli kumanzere, koma tinabwerera kunyumba tikukhulupirira kuti taona zodabwitsa za dziko lonse.

Televizhoni inayamba ku Kitwe mu 1961, ndipo kwa zaka zambiri inali chinthu cha m'mbali mwa njanji. Kum'mawa kwa mlatho wa Luangwa, chimene chinasintha zinthu ndi vidiyo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, pa boma la Petauke, pa Nyimba, pa Kacholola ndi pa misika ing'onoing'ono, panabuka tinyumba ta vidiyo shoo: mabenchi a matabwa, mawindo otsekedwa ndi masaka, jenereta ikulira kuseri, ndi bolodi panja lolembedwa ndi choko kuti lero kuli Rambo, Commando kapena Bruce Lee. Wopanda ndalama ankasuzumira pa kabowo ka chitseko. Ndipo munthu uja analiponso: mnyamata amene anaiona kale filimuyo katatu, amene ankakhala pakati pa benchi n'kumanong'oneza kuti uyu ndiye sitalingi, uyu ndi mdani, apa musaphethire. Masiku ano ntchito yake inalowa m'filimu momwemo, chifukwa mafilimu ambiri amene amayenda m'mamemori khadi kuno kum'mawa amakhala atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi, mawu awo ali pamwamba pa mawu a eni ake. GOtv, imene inayambira m'Zambia muno mu 2011, ndi TopStar zinabweretsa matchanelo m'nyumba zambiri, koma foni ndiyo inafika mpaka kumudzi kwenikweni.

M'mbiri yonseyi, makatuni ankakhala kumapeto kwa mzere. Timati ndi zidole za ana. Ndinaona ndekha pa kompyuta ya pa kantemba paja kuti zonse zojambulidwa ndi manja anaziunjika malo amodzi, Tom and Jerry pambali pa Akira, ngati kuti ndi ndiwo za mtundu umodzi. Apa ndi pamene ndinaona kuti funso la mwanayo likufuna yankho losamala, chifukwa ku Japan zojambula zimenezi sizinali za ana okha.

Chimene chimandikhudza mtima ndi chakuti nawonso anayamba monga ife, ndi munthu woimirira pambali pa chithunzi. Pa nthawi ya mafilimu opanda mawu, nyumba za kanema ku Japan zinali ndi ofotokoza otchedwa benshi, ndipo ena mwa iwo ankatchuka kuposa osewera filimuyo. M'misewu munali kamishibai. Bambo ankafika pa njinga yokhala ndi kabokosi ka matabwa kumbuyo, n'kumenyanitsa timitengo tiwiri kuitana ana. Ankagulitsa maswiti, ogula n'kuima kutsogolo, osagula kumbuyo. Kenaka ankasolola zithunzi chimodzichimodzi akusimba nthano, n'kuisiya pokoma penipeni kuti anawo abwerenso mawa. Ngwazi ina ya m'zithunzi zimenezi, Ogon Bat, ya mphamvu zodabwitsa, inatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, Superman asanabadwe. Televizhoni itafika ku Japan mu 1953, anthu ankaitcha kamishibai yamagetsi. Aliyense amene anasuzumirapo pa bowo la vidiyo shoo ku Petauke angamumvetse mwana wa ku Tokyo woima kumbuyo chifukwa analibe ya maswiti.

Anime ya nthano za sayansi inabadwa m'phulusa. Pa 6 August 1945 bomba la atomu linagwa pa Hiroshima, ndipo pa 9 August lina linagwa pa Nagasaki. Osamu Tezuka, amene anabadwa mu 1928, anali mnyamata wogwira ntchito m'fakitale pamene ndege zinkatentha mzinda wa Osaka. Anaphunzira udokotala, koma mtima wake unali pa kujambula. Mu 1952 anayamba nthano ya Tetsuwan Atomu, imene m'Chingelezi amaitcha Astro Boy, ndipo pa 1 January 1963 inayamba kuonetsedwa pa televizhoni sabata ndi sabata. Nthanoyo imayamba ndi maliro. Katswiri wa sayansi, Dr Tenma, mwana wake wafa pa ngozi ya galimoto, ndipo iye akupanga loboti yofanana ndi mwanayo. Ataona kuti lobotiyo siikukula, akuikana n'kuigulitsa. Ndalama zopangira magawo a sabata ndi sabata zinali zochepa, choncho a Tezuka anachepetsa zithunzi: nthawi zina nkhope imangoima, pakamwa pokha ndi pamene pakuyenda. Umphawi umenewo unadzasanduka kalembedwe, ndipo mpaka lero anime imadziwika ndi chithunzi choima chimene chimakupatsani mpata woganiza.

Kuchokera apo mtsinjewo unagawikana. Mu 1974 kunabwera Space Battleship Yamato. Mu 1979 Yoshiyuki Tomino anatulutsa Mobile Suit Gundam, m'mene maloboti ndi zida za nkhondo chabe, zoyendetsedwa ndi ana okakamizidwa kumenya nkhondo ya akuluakulu, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi anthu abwino ndi oipa. Poyamba sinakondedwe ndipo inadulidwa pa gawo la 43, koma zidole zake zapulasitiki zitayamba kugulitsidwa mu 1980 inadzuka, ndipo ikupitirirabe mpaka lero.

Tsono ndimuuze iti mwana wa mlongo wanga? Amene amalemba za zinthu zimenezi kunja amakonda kuyambira pa Akira ya Katsuhiro Otomo, ya mu 1988, ndi Ghost in the Shell ya Mamoru Oshii, ya mu 1995. Zonse ziwiri ndi ntchito zazikulu. Akira ndi nkhani ya anyamata a njinga zamoto mu Tokyo womangidwanso pambuyo pa chiwonongeko, ndi ya Tetsuo, wonyozeka pagulu, amene akupeza mphamvu zoposa mtima wake. Ghost in the Shell imafunsa ngati munthu amene thupi lake lonse ndi makina akadali ndi mzimu, ndipo opanga The Matrix ya mu 1999 anavomereza kuti anatengako nzeru. Koma kumupatsa munthu watsopano zimenezi kuli ngati kumuyambitsa mwana nsima ndi tsabola wa kambuzi. Akira ili ndi magazi ambiri ndi matupi otupa mochititsa mantha. Ghost in the Shell ili ndi umaliseche ndi zokambirana zazitali zimene ngakhale wodziwa Chingelezi amabwereza kawiri. Chimodzimodzi Neon Genesis Evangelion ya Hideaki Anno, ya mu 1995, imene kunja kwake ndi maloboti koma m'kati mwake ndi mwana wa zaka 14 wosweka mtima chifukwa cha bambo wouma mtima. Zimenezi ndi zoonera munthu atakhwima, ndipo ndinamuuza mwanayo momveka kuti azidikire.

Ndinamuyambitsa ndi Nausicaä of the Valley of the Wind, ya Hayao Miyazaki, ya mu 1984, ndipo pa anime ndingachite chomwecho kwa munthu aliyense wa kuno, wamng'ono kapena wamkulu. Nkhaniyo ikuchitika zaka 1,000 pambuyo pa nkhondo imene inatentha dziko. Nkhalango ya poizoni ikufalikira, yodzaza ndi tizilombo takuluakulu, ndipo ena mwa anthu otsala akukhala m'kachigwa momwe mphepo imawateteza. Mafumu a mphamvu akufuna kuitentha nkhalangoyo. Nausicaä, mwana wamkazi wa mfumu ya kachigwako, ali ndi kachipinda kobisika pansi pa nyumba kumene amadzala zomera za m'nkhalangoyo m'dothi loyera ndi madzi a pachitsime chakuya, ndipo wapeza kuti zomerazo sizitulutsa poizoni. Choipa chili m'nthaka imene anthu anaiwononga, ndipo mitengo imene onse akuiopa ndiyo ikuyeretsa nthakayo pang'onopang'ono. Miyazaki ananena kuti chimene chinamudzutsa maganizo ndi zimene zinachitika ku Minamata, kumene fakitale inathira mekyule m'nyanja anthu n'kudwala. Ife tili ndi Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma mtovu udakali m'dothi limene ana amaseweramo. Ndipo tili ndi matumba a makala amene amandandalikidwa m'mbali mwa msewu kuchokera ku Nyimba mpaka kutsikira ku Luangwa, thumba lililonse linali mtondo kapena msangu dzana. Sindikuwaweruza ootcha makala, chifukwa ndikudziwa kuti fizi ya mwana ndi feteleza zimachokera momwemo. Koma filimu imene imaika mtsikana pakati pa njala ya anthu ndi moyo wa nkhalango, popanda kunamizira kuti yankho ndi lapafupi, ikulankhula za kwathu.

Akaimaliza imeneyo, Castle in the Sky ya mu 1986, yoyamba kutuluka m'dzina la Studio Ghibli, imatsatira bwino. Ndi ya Pazu, mwana wamasiye wa m'tauni ya migodi, ndi Sheeta, amene akugwa kuchokera kumwamba, ndipo banja lonse lingaonere limodzi.

Yachiwiri imene ndinaumirira kuti ilowe m'khadimo ndi Dr. Stone, imene inayamba kuonetsedwa mu 2019. Kuwala kodabwitsa kwasandutsa anthu onse miyala, ndipo patapita zaka pafupifupi 3,700 mnyamata wokonda sayansi, Senku, akudzuka m'dziko lopanda chitsulo, lopanda magetsi, lopanda mankhwala. Akuyamba ndi zimene zili pafupi. Akusinja zigoba za nkhono za m'nyanja kuti apeze laimu, akupanga sopo, akusungunula chitsulo m'ng'anjo yopukusa ndi mvukuto, akupanga galasi, ndipo magawo ambiri akuthera pa ntchito yopanga mankhwala a sulfa kuti achiritse mtsikana wodwala chibayo. Chimene ndimaikondera ndi chakuti Senku payekha sangathe kanthu. Akudalira Chrome, mnyamata wa m'mudzi amene wakhala akutola miyala yamitundumitundu popanda womuphunzitsa, ndi Kaseki, nkhalamba yaluso la manja. Makolo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi n'kusula makasu azungu asanafike, ndipo mwana akaona Kaseki amayamba kumuyang'ana mwanjira ina mkulu wokhoma ndowa ndi mbaula pa msika. M'chaka cha 2024, pamene chilala chinapsereza chimanga, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka, madzi a ku Kariba anatsika ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Mwana amene anadutsa m'chaka chimenecho safuna womufotokozera chifukwa chimene anthu a m'mudzi wa Senku akugwira pakamwa babu loyamba likayaka. Tsidya la malire, ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba anachita zofanana ndi zimenezi ndi dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotola, ndipo yake si nthano. Ndimachenjeza chabe kuti kajambulidwe ka atsikana mu Dr. Stone nthawi zina kamapyola ulemu wathu, choncho wamkulu ayambe waionako.

Kwa iwo amene amaliza sukulu, aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito pa boma, ndimatchula Planetes, ya mu 2003, ya magawo 26. Imachitika mu 2075, ndipo ngwazi zake ndi otola zinyalala. Ntchito yawo ndi kuchotsa zidutswa za masetilaiti akale zimene zikuzungulira dziko, chifukwa kabawuti kamodzi kothamanga kangaboole chombo chonyamula anthu. Ofesi yawo ili pansi penipeni pa kampani, antchito ndi theka, ndalama ndi theka, ndipo anzawo amawaseka. Muli gawo lina limene injiniya wochokera ku dziko losauka, losakazidwa ndi nkhondo, akubwera ndi chovala cha m'mlengalenga chimene fakitale yaing'ono ya kwawo yapanga, n'kumapempha kuti achiyese. Ndinaliona gawo limenelo kawiri usiku umodzi. Ndi anime yochepa imene imafunsa poyera kuti maiko olemera akamakagawana mwezi, otsala pansi adzadya chiyani. Ndipo kwa amene agogo awo ankasimba za Jack, pali Cowboy Bebop ya Shinichiro Watanabe, ya mu 1998, nayonso ya magawo 26: alenje a zigawenga oyenda m'chombo chokalamba, anjala nthawi zonse, aliyense akuthawa zakale zake, ndi nyimbo za Yoko Kanno zimene mungazimvere ngakhale mutatseka maso. Ili ndi mfuti ndi fodya, ndi ya akuluakulu.

Pali vuto limene sindingalibise. Mnyamata wa pa kantemba akamakopera mafilimu amenewa, ojambula a ku Japan, amene ambiri a iwo amalipidwa zochepa kwambiri, salandirapo kanthu. Njira zoyenera zilipo: kuyambira 2020 mafilimu a Studio Ghibli ali pa Netflix m'maiko athu ano, ndipo Crunchyroll ili ndi anime yambiri. Amene ali ndi ndalama ya mabando ndi yolipira pamwezi ayende njira imeneyo. Koma mlimi wa nshawa ku Msanzala amene amalandira ndalama kamodzi pachaka sindingamuuze zimenezo ndi nkhope yowuma. Vuto lina ndi chinenero. Zambiri zimabwera m'Chijapani, Chingelezi chitalembedwa m'munsi, ndipo mawuwo amathamanga kuposa maso a mwana wa giredi 7. Kwa woyamba ndimasankha zimene mawu ake analowetsedwa m'Chingelezi cholankhula, ngakhale okonda anime ena amanyoza zimenezo.

Wina anganene kuti nthano za zombo zakumwamba si zathu. Ayiwala Edward Makuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi ndi womenyera ufulu, amene mu 1964 analengeza kuti Zambia idzatumiza anthu kumwezi ndi ku Mars, n'kumaphunzitsa achinyamata ake powagubuduza m'diramu pa chitunda kunja kwa Lusaka. Manyuzipepala akunja anamuseka, koma dzina lake silinafe. Namwali Serpell anamuika m'buku lake The Old Drift, limene mu 2020 linapata mphotho ya Arthur C. Clarke ya nthano za sayansi. Ndipo mu July 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, yolembedwa ndi Malenga Mulendema wa m'Zambia muno, ya atsikana anayi a sukulu oteteza Lusaka wam'tsogolo, nyimbo yotsegulira ikuimbidwa ndi Sampa the Great. Si anime ya ku Japan, koma kwa mwana wamng'ono wa ku Petauke, imeneyi ndiyo ndingaike patsogolo pa zonse, kuti ayambe waona minibasi ndi nkhope zonga zake asanapite ku Tokyo.

Madzulo a tsiku lija tinaonera Nausicaä pakhonde kumudzi, foni itatsamira pa mtondo wosinjira, batire ya sola ili pambali. Tinali anthu asanu ndi anayi pa kagalasi kosakwana chikhatho. Ine ndinakhala pambali n'kumamasulira, monga ankachitira bambo uja wa pa galimoto ya kanema, ndipo mwana wa mlongo wanga ankandikonza ndikaphonya dzina. Amayi, amene poyamba anati iwo saonera zidole, anasendeza mphasa yawo pang'onopang'ono. Titafika pa kachipinda ka zomera za Nausicaä, anandigwira mkono.

"Taimitsa kaye. Wati mitengoyo ndiyo ikutsuka dothi?"

"Inde, amama."

Anakhala chete akuyang'ana kumunda kwa kale kwa atate, kumene tsopano kwatsala zitsa zokhazokha. Kenaka anauza mdzukulu wawo kuti abweze filimuyo kumbuyo pang'ono, aonenso zomera za mtsikanayo.